Malata Amene Ndinaveka Khoma

Nyumba yathu ili ku Mlangeni, pamalo a apongozi anga. Ine kwathu ndi ku Kasinje, kumunsi kotentha kuja. Kuno ndinabwera ndi ukwati, ndine mkamwini. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa popanda izo nkhani ya khoma lathu singamveke.

Amene anakhalako ku Mlangeni akuidziwa mvula ya kuno. Siigwa choongoka ngati ya kwa anzathu. Imabwera chopingasa, mphepo ikuikankha, n'kumamenya khoma limodzimodzilo tsiku lonse ngati linailakwira. Nyumbayo tinamanga ndi njerwa zootcha, koma zolumikiza ndi dothi. Pofika dzinja lachitatu dothi la m'mizere linayamba kukokoloka. Khoma la kuchipinda kwa ana linkachita thukuta mkati, zofunda zinkanunkha chinyontho, ndipo mwana wathu wamkazi sankasiya kutsokomola.

Mkazi wanga anati tipake pulasitala monga amachitira aliyense, kenako penti ikadzapezeka. Mchenga anali atauona kale kudambo, ndipo alongo ake anali atalonjeza ngolo.

Ine ndinakana. Ndinali nditagwira ntchito zaka zingapo ku Lilongwe, kwa makontilakita oveka nkhope nyumba zikuluzikulu, ndiye pakamwa panali podzaza. Ndinamuuza kuti masiku ano khoma salipaka, amaliveka. Ndinamufotokozera za nyumba zamagalasi okhaokha zimene zimalowetsa kuwala koma n'kuphika anthu mkati, za matailosi amene amakongola mpaka tsiku limene ayamba kugwa limodzilimodzi, za mbale za aluminiyamu zimene timazipachika pa zitsulo. Kwa ife, ndinatero, zoyenera ndi malata openta kale. Ukhomera matabwa pakhoma, malata pamwamba pake, pakati n'kusiya mpata woti mphepo izidutsa. Mvula imenya lata n'kutsetsereka, njerwa kuseri zili gwa, zouma. Pulasitala pa khoma ladothi amatupa n'kusweka, chinyontho chimatsekeredwa mkati.

Zonsezi zinali zoona, ndipo mpaka lero ndikhoza kuzibwereza pamaso pa mmisiri aliyense. Koma sichinali chifukwa changa.

Chifukwa changa chinali malume anga. Iwo anakhala pachikamwini zaka zoposa makumi awiri, anamanga nyumba yapulasitala, yakhonde lofiira, mudzi wonse unkaloza. Ukwati utatha anabwerera ku Kasinje ndi mphasa, khasu ndi jekete. Ndinali wamkulu kale, ndinawaona akutsika panjinga yakabaza. Anakhala m'kanyumba kophikira ka mayi anga mpaka malumewo anamwalira, ndipo akamwa pang'ono ankandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mphwanga, pulasitala sanyamulika." Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Tsono pamene mkazi wanga ankanena za mchenga wa kudambo, ine ndinkaona matumba anga a simenti akumatirira pa khoma la eni mudzi, osadzachokanso.

Sitinali pa mkangano uliwonse. Ndizinene zimenezi poyera, chifukwa ndi zimene zimandichititsa manyazi kwambiri. Mkazi wanga sanandiuzepo za kuchoka, apongozi ankanditcha mwana wawo, munda wa mbatata ya kachewere anatipatsa wabwino. Ine ndekha ndi amene ndinkakhala ndi phazi limodzi panja.

Ndinagula malata otuwa okwanira makoma awiri: la kumaso loyang'ana kumsewu, ndi la kumbali kwa ana kumene mvula imachokera. Misomali sindinaifune, ndinagula masikuluwu. Ntchito tinagwira awiriwiri masiku anayi, iye akugwira lata kumunsi, ine ndili pa makwerero. Sikuluwu iliyonse ndinkayamba ndaiviika mu girisi, kachitini kake ali nako iye m'manja, kuti isadzachite dzimbiri n'kukanirira. Kuseri kwa lata lililonse ndinkalemba nambala ndi penti, ndi kamuvi kosonyeza kumwamba.

"Manambalawa ndi a chiyani, poti kuseriko sikuoneka?" anandifunsa tsiku loyamba.

"Ndi mmene timachitira pa ntchito," ndinayankha osamuyang'ana.

Sanafunsenso. Anangopukuta girisi wa m'zala pa chitenje n'kunyamula lata lotsatira.

Mudzi unaseka kaye. Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, akadutsa ankaima pamsewu n'kufunsa kuti, "Alamu, chigayochi chiyamba liti kugaya? Tibweretse chimanga?" Amayi ena ankati nyumba yavala denga m'nthiti. Ine ndinkangoti dikirani dzinja. Dzinja linabwera, khoma linauma, chifuwa cha mwana chinatha, ndipo oseka aja anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzagogoda malatawo ndi chala, kufunsa mtengo. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. M'kupita kwa nthawi ndinaiwala ndi za manambala zomwe. Tinabereka mwana wachitatu, ndinabzala mapichesi kuseri, ndinayamba kudandaula za kutentha ndikapita kwathu ku Kasinje.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ukwati wa msuweni wa mkazi wanga unatha. Ankhoswe anayesa, zinakanika. Mwamunayo, mkamwini mnzanga wochokera cha ku Nzama, anabwera m'mawa wina ndi lole yaing'ono ndi abale ake awiri, n'kukwera padenga. Unali mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana. Anazula malata onse ndi chitsulo chozulira misomali, limodzilimodzi, akuponyera pansi. Ana ake anayi anakhala pa mitolo ya zovala pabwalo, akuyang'ana bambo awo m'mwamba. Mkati mwa nyumba munkaoneka bedi, kalendala, ndi dzuwa likuwomba pa mbale.

Mudzi wonse unali pamenepo, ndipo wolongolola kuposa onse ndinali ine. Ndinamunena kuti ndi mwamuna wopanda manyazi. Ndinamufunsa ngati malatawo adzawafunda. Ndinati munthu wosasula nyumba ana ake ali momwemo si munthu, ndi chiswe. Anthu ankavomereza, apongozi anga anagwedeza mutu mondiyamikira. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndalankhula ngati mwamuna.

Masana ake tinakhala pakhonde awiri, tikusankha mbewu ya kachewere, yophuka uku, yowola uko. Ine mkwiyo unali usanathe, ndinkabwerezabe zomwe ndinanena kuja. Mkazi wanga ankangosankha. Kenako anati, mawu ake ali pansipansi:

"Iye uja wavutika. Misomali inachita dzimbiri, malata ambiri ang'ambika. Anuwa sadzang'ambika."

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

"Bambo, kachitini ka girisi ndinagwira ndine," anatero. "Manambala ndinawaona. Sukulu sindinapite nayo patali, koma munthu salemba nambala pa chinthu chimene sadzachichotsa."

Ndinayamba kunena za ntchito, za kukonza khoma likadzafuna kukonza. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera okha. Sanakweze mawu, sanalire. Bwenzi zili bwino akanandilalatira, ndikanapeza poyankhira.

"Sindikukutsutsani," anapitiriza. "Nkhani ya amalume anu ndimaidziwa. Mwina ndikanakhala mwamuna ndikanatero inenso. Koma tikayambana, inu n'kutuluka kuzungulira kuseri kwa nyumba, ine ndimasiya chimene ndikuchita, ndimamvetsera. Mukabwera kuchokera ku Lilongwe ndi bokosi la zida, ndimayang'ana kumene mwaliika."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lomwe lija la manambala."

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinayang'ana khoma lotuwa lija, mizere ya masikuluwu ili ndondondo, yowongoka bwino monga ndinkanyadira, ndipo ndinaona chimene iye wakhala akuona m'mawa uliwonse posesa pabwalo: katundu wa munthu wapaulendo, wongopachikidwa. Zaka zonsezo ine ndinkagona tulo tabwino m'nyumba youma, ndikuyesa kuti chinsinsi changa chili kuseri kwa lata. Iye ankandiphikira, ankandiberekera ana, ankaseka nawo za chigayo, akudziwa kuti mwamuna wake anamanga nyumba atakonzeka kale kuivula. Ndipo m'mawa womwewo mkazi wangayo anaima pambali panga kundimva ndikutukwana munthu amene anangondiposa pochita zake poyera. Mkamwini mnzanga uja mwina anachita ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Ine ndinachita mtima uli m'malo, mwaluso, mkazi wanga atandigwirira lata.

Anatola mbatata ina, anaitembenuza, n'kuiponya ku zowola.

"Ndili ndi pempho limodzi," anatero. "Tsikulo likadzafika, mudzatenge a kumasowa, ndi okongoletsa chabe. A kumbali kwa anawo mudzasiye. Khomalo lilibe pulasitala, mwana uja chifuwa chidzamubwerera."

"Mayi, ine sindikupita kulikonse," ndinatero. Zinali zoona, koma zinatuluka zopepuka, ngati za munthu wogwidwa.

Anandiyang'ana kanthawi, osati mwaukali, n'kubwerera ku mbatata zake.

"Ndamva," anati. "Koma mudzasiyebe."