Batani Lomwe Bambo Analetsa

Tsiku lomwe anadina batani lija, mtsikana wa m'shopu yotayipa anakhoma chitseko, nakhala pansi kuseri kwa tebulo n'kumalira mosatulutsa mawu.

Inu amene mukuwerenga, mudziwe kuti mtsikanayu mayeso a sekondale analephera, ndipo mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Chomwe chinkawadyetsa ndi kachipinda ka kunsi kwa masitepe, momwe bambo ake ankatayipiramo anthu makalata ofunsira ntchito ndi makhadi aukwati. Bambowo atafa ziwalo mbali imodzi, anamupatsa makiyi ndi lamulo limodzi: "Kompyutayi ikakufunsa za apudeti, zoti uikemo mapulogalamu atsopano, uziikaniza. Usadzavomere."

Ankamvera ndithu. Koma kompyutayo inkachedwa, ndipo m'mawa uliwonse uthenga unkabwera, wolonjeza liwiro ndi zatsopano. Mtsikanayo anayamba kulota bambo ake akumwetulira pomva kuti ntchito ikuthamanga. Anadina batani lovomera.

Kagudumu kanazungulira pa sikirini mpaka masana. Itayaka, kompyutayo inali ngati mlendo. Pulinta inangoti zii. Kuti kalata imodzi itseguke, tiyi ankachita kuzizira m'kapu. Kenaka panabwera uthenga wina: makina anu ndi akale, pezani atsopano.

Awapeze kuti?

Kunyumba sananene kanthu. M'mawa ankanyamula chikwama n'kukakhala m'shopu yopanda ntchito. Mwini nyumba yomwe munali shopuyo anayamba kusuzumira pazenera. "Ngati shopu yafa mungonena, mayi. Wogulitsa nsapato akuwafuna malowa."

Madzulo aliwonse bambo ake ankakonda kumugwira manja n'kuyang'ana inki yomwe pulinta yawo yokalamba inkamudonthezera m'zala. Inkiyo ndiyo inkawauza kuti shopu ili moyo. Choncho asanaweruke, mtsikanayo ankathyola bolopeni n'kudzipaka m'zala.

Tsiku lina bambowo ananyamula dzanja lake n'kulifikitsa pamphuno.

"Inki ya pulinta yanga sinunkha chonchi," anatero, lilime likulemera. "Unadina?"

"Ndinadina, bambo."

Anadikira ukali. Koma bambowo sanasiye dzanja lija.

"Sindinakuletse chifukwa chodziwa, mwananga. Ndinkaopa basi. Mantha angawo usawatenge ngati chuma chamasiye. Pita ukafunse anthu."

Pakhonde la nyumba ya shopuyo pankakhala mnyamata wokonza mafoni, yemwe aliyense ankamutchula kuti Magalasi. Kwa nthawi yaitali awiriwa ankangopatsana moni ndi maso. M'mawa mwake mtsikanayo anaima pamaso pake n'kumufotokozera zonse.

"Achemwali, kompyutayi siinafe," anatero Magalasi ataiona. "Angoisenzetsa katundu woposa msana wake." Anatulutsa fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta, m'thumba la malaya. "Umu muli sisitimu ina yoyendetsera kompyuta, yopepuka, yaulere. Makina akale imawakonda. Koma ndikuuzirenitu: yakaleyo ichoka yonse, ndipo muyambira pansi ngati mwana woyamba sukulu."

"Ndinalepherapo kale ine. Kuyambiranso sikungandiopse."

"Nanga ine munkandiopa chiyani nthawi yonseyi? Ndimaluma?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chidinire batani lija, anaseka.

Anasamutsira ntchito zonse za bambo ake pa fulashi ina, n'kuvomera kachiwiri. Ulendo uno ankadziwa chomwe akuvomera.

Musaganize kuti zinayenda pomwepo. Chilichonse chinali pamalo pachilendo. Makhadi a bambo ake anatseguka mizere itasokonekera, maluwa a m'mbali atakwera pa mayina a akwati. Anawakonza limodzilimodzi, ena kuwalemba mwatsopano. Kasitomala wina anatopa kudikira, n'kutuluka akunena kuti, "Bambo ako ndiye ankaidziwa ntchito." Mawuwo anamulasa, koma m'mawa anatsegulanso shopu.

Pulinta ndiyo inakanitsitsa. Ngakhale Magalasi anakweza manja. Mtsikana yemwe aphunzitsi ankati mutu wake sugwira anayamba kuwerenga pafoni zomwe ena okhala ndi vuto lomwelo analemba. Akayesa, zikakanika, ankawerenganso.

Masana ena, mwini nyumba analowa ndi wogulitsa nsapato uja, tepi yoyezera ili m'manja. Mtsikanayo sanawayankhe moni. Anali atangolemba pakompyuta mzere wina wa malangizo odzutsira pulinta, womwe anaupeza pafoni m'mawawo. Anadina, n'kugwira mpweya.

Pulinta inatsokomola. Inakoka pepala.

Onse atatu analiyang'ana likutuluka pang'onopang'ono, lofunda, zilembo zili bwinobwino. Wogulitsa nsapato anapinda tepi yake yekha.

Lero shopuyo ikadali kunsi kwa masitepe omwewo. Anthu amabwera atanyamula makompyuta omwe anauzidwa kuti akalamba, ndipo mtsikana uja amawadzutsa n'kuphunzitsa eni ake. Bambo ake amakhala pakona pa njinga yawo ya olumala n'kumalonjera makasitomala. Za Magalasi musandifunse zambiri. Ndingoti pali khadi lina lomwe mtsikanayo akulikonza chitseko chili chotseka, ndipo salola aliyense kuliona.

Mwina nanunso mwauzidwa kuti nthawi yanu inapita, kapena munalakwitsa ndipo mukubisa. Ululani, funsani, phunziraninso ngakhale kukhale kuyambira pansi. Njira yomwe yakutsekerani si yokhayo. Osataya mtima, dzukani mukatsegule shopu yanu.