Kilampu imene ndinamanga mopapasa

Inu owerenga, ine ndinanamiza munthu wamkulu ndi mawu amodzi okha, ndipo bodza limenelo linachititsa kuti asawaonenso achemwali ake ali moyo. Ndine makaniko, ndimakonza galimoto pakashedi ka malata ku Nkaneng kuno ku Joni, kwathu ndi ku Ntcheu. Nkhaniyi ndayenda nayo zaka ziwiri, yandidya mokwana, lero ndiitule basi.

Mkuluyo ndingomutchula kuti a Chisale, si dzina lawo lenileni. Anali mtchona weniweni, anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kukalambira mumgodi, komwe ntchito yawo inali yoika mitengo yochirikiza denga kuti lisagwere anthu. Atapuma anakhazikika ku Luka, dera lina la konkuno, ndi mayi akunyumba, Mtswana. Galimoto yawo, bhaki yakale yoyera, ndinkaikonza ndine. Ankandikhulupirira chifukwa chakuti ndine wakwathu.

Loweruka lina m'mawa anafika nkhope ili yakugwa. Anati achemwali awo, omwe anawalera makolo atamwalira, adwalika kwambiri ndipo akungoitana dzina lawo. Ndinawauza kuti akwere basi. Anakana. Munthu amene watha zaka zonsezo osaponda kwawo sangakafike ndi kachikwama m'manja, anthu angamuseke. Anali atagula matiresi, njinga ya odwala ndi mabulangete, ndiye ankafuna ndiione galimoto yonse kuti Lolemba anyamuke.

Ndinapeza kuti payipi ina ya madzi yafufuma. Inali ija yobisika kumbuyo kwa injini, yopita ku hita yofunditsa m'galimoto, malo oti dzanja limalowa mokakamiza ndipo diso silifikako n'komwe. Payipi yatsopano ndinali nayo. Vuto linali kilampu, kachitsulo komanga payipi kuti isavuke.

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndinagwera. Makilampu alipo a mitundu iwiri. Ina ndi ya sipuling'i, imafinya yokha: payipi ikatentha n'kufufuma imatambasuka nayo, ikazizira imabwerera nayo. Ina ndi ya sikuluwu, imagwira pomwe waisiya. Imeneyi imafuna ikhale ya saizi yake, ikhale mowongoka, ndipo injini ikatentha n'kuzizira uimangenso. N'chifukwa chake kumalo obisika opanga galimoto amaikako ya sipuling'i, poti akudziwa kuti palibe amene adzabwererekonso. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino. Sindinali mbuli ayi.

Koma pulayala yomasulira ya sipuling'iyo, ija ya chingwe chachitali yofikira m'makona, ndinalibe. Kilampu yakale ya sipuling'i yomwe inalipo ndinaitokosa ndi sikuludiraiva mpaka inapindika, ndinaitaya. Kuti ndipeze ina ndinayenera kukwera takisi kupita m'tauni ya Rustenburg, n'kukabwerekanso pulayalayo kwa mnzanga. Dzuwa linali litakwera, galimoto zina zitatu zikundidikira, eni ake akundiyang'ana ndi diso loipa. Ndinati aaa, zonsezo za chiyani? Ndinapisa m'chitini cha zakale n'kutulutsa ya sikuluwu, yokulirapo pang'ono. Ndinailowetsa mopapasa, tsaya nditaligunditsa pa injini, sikuludiraiva ili chopendekera. Inaterereka kawiri, kachitatu ndinamva ngati yalimba, ndinasiyira pomwepo. Ndinaliza injini, sipanadonthe kanthu.

A Chisale anali ndi funso lawo limene ankafunsa pa ntchito iliyonse, m'chilankhulo cha kumgodi chija. Anaweramira mu boneti n'kunena kuti, "Wena bophile sterek?" Kutanthauza kuti, wamanga zolimba?

"Sterek, madala," ndinatero ine.

Anagwedeza mutu n'kutseka boneti okha. Kumgodi, munthu akakuuza kuti sterek umalowa pansi pa denga limenelo osayang'ananso m'mwamba. Iwo anawamva choncho mawu anga. Ine ndinangowatchula kuti nkhani ithe.

Kuchokera tsiku limenelo mtima sunakhale m'malo. Lamulungu kutchalitchi ulaliki sindinaumve, ndinkangoona kilampu ija itakhala chopendekera. Ndikanatha kukwera takisi kupita ku Luka, inali ntchito ya mphindi makumi awiri. Ndinatulutsa foni, ndinaibweza m'thumba. Ndikawauza kuti chiyani munthu wamkulu ngati uja, kuti ndinakunamizani? Manyazi, abale! Lolemba ananditumizira uthenga kuti anyamuka. Lachiwiri anati adutsa Beitbridge, ili bwino galimoto, Mulungu akudalitse mwanawe. Ndinawerenga uthengawo kangapo, ndinayamba kulemba kuti mukaima penapake wina aone payipi ya kumbuyo, kenaka ndinafufuta. Ndinkagwira sipanala n'kuiwala chimene ndimafuna kumasula. Ndinkadziuza kuti yayenda mtunda wonsewo, ifika basi.

Siinafike. Amene munadutsako ku Tete mukudziwa mmene kumatenthera. Masana a Lachinayi, galimoto italemedwa ndi katundu, payipi ija inavuka, madzi onse n'kuthera mumsewu. Pamene a Chisale amazindikira kuti geji ya kutentha yakwera n'kuti injini itapsa kale. Anali patchire, iwo ndi mayi aja, chilankhulo cha kumeneko osachidziwa. Anataya tsiku lonselo kufunafuna woikoka, lotsatira kulimbana ndi amakaniko, poti sakanasiya katundu wa odwala pamsewu. Atatopa anasiya zonse n'kukwera lole. Achemwali aja anamwalira Lachisanu. Iwo anafika Loweruka madzulo, anthu akuchokera kumanda. Kuchokera pomwe inafera galimoto kukafika kumudzi ndi ulendo wosakwana tsiku limodzi.

Uthenga wa malirowo ndinaumva kwa anthu a kutchalitchi. Ndinatseka shedi masiku atatu. Ndinkangoyendayenda m'tinjira ta ku Nkaneng ngati nkhuku yofuna poikira, galimoto yoyera iliyonse ikadutsa mtima unkangoti phaa. Ndinaganiza zothawira ku Phokeng, mwina kubwerera kumudzi kumene, koma ungathawire kuti chinthu chili m'mutu mwako?

Patatha miyezi iwiri anabwera, wapansi, ataonda. Ndinayembekezera kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ndinkafuna atanditukwana, mwinanso kundimenya kumene. Sanatero. Anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za ana, kenaka anapisa m'thumba la jekete n'kundiika kanthu m'manja. Inali kilampu ija. Makaniko wa ku Tete anaipeza ikulendewera pa payipi, ndipo anawaonetsa kuti inali yaikulu komanso inaluma mbali imodzi yokha.

"Ukanangonena kuti sizinatheke, ndikanakwera basi," anatero. "Ndikanawapeza."

Ndinagwada pa dothi la oyilo lija, ndinapepesa, ndinalira pamaso pa makasitomala. Anati anandikhululukira kale. Koma sanabwerenso pashedi panga, ndipo tikakumana kutchalitchi amandipatsa moni ngati mlendo.

Tsono inu owerenga, makamaka anzanga ogwira sipanala, wakutsina khutu ndi mnansi. Payipi ikakhala pobisika, bwezeranipo kilampu ya mtundu umene munaupeza, ya saizi yake. Chida choyenera ngati mulibe, kabwerekeni, takisi siiluma. Pomwe diso silifika lowetsani kagalasi muone, musamange mopapasa. Ndipo inu eni galimoto, musachite manyazi kuuza makaniko kuti akuonetseni chimene waika. Koposa zonse, ngati mwakayika, nenani galimoto isanachoke, ngakhale itachoka kale imbani foni. Ine ndinali ndi masiku asanu oti ndiimbe.

Pulayala ya chingwe ija ndinagula sabata yomweyo, ndalama yake yosafika n'komwe pa mtengo wa matiresi aja. Kilampu ndinaikoloweka pamsomali pakhomo la shedi. Kasitomala akandifunsa ngati ndamanga zolimba, ndimayamba ndaiyang'ana, kenaka ndimatsegulanso boneti. Mawu akuti sterek sanatulukenso pakamwa panga.