Chofunda changa ndi khomo la tchalitchi

Jekete ndi chovala cha munthu wa manja awiri. Ine zimenezi ndinazidziwa mochedwa, nditatuluka m'chipatala dzanja lamanzere litafooka ndi sitiroko. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito yokankha odwala pa mabedi m'chipatala cha ku Lewisham, kuno ku London, ndinaveka anthu ambiri majekete, ena akubuula, ine mumtima n'kumati akuwonjeza. Tsopano ndinali ndekha m'nyumba, jekete ili pabedi, ine ndikuiyang'ana ngati mdani.

Mayi wa fiziyo, wondiphunzitsa kulimbitsa dzanjalo, anandipatsa pepala la zithunzi losonyeza kavalidwe, ndipo ndikadali nalo m'fayilo yobiriwira. Munthu wa pazithunzipo akumwetulira. Akuti uyambe kulowetsa dzanja lodwala. Limalowadi. Koma kenako jekete imalendewera kumsana, dzanja labwino limaisaka osaipeza, ndipo ukaipeza pamatsala zipi, kachinthu kofuna zala khumi kuti mano ake agwirane. Ndinkatha theka la ola, n'kukhala pansi thukuta lili kamukamu, basi yapita.

Zikanakhala za kugolosale zokha sindikanadandaula. Koma ndinali ndi khomo. Mpingo wathu umapemphera ku Peckham, m'holo ya pamwamba pa shopu yogulitsa nsomba zouma ndi ufa. Khomo lake lili pansi, pamsewu penipeni, ndipo kuyambira Lamulungu loyamba limene tinalowa m'holomo, ine ndi amene ndinkatsegula ndi kuima pamenepo kulandira anthu. Kiyi ankakhala kwa ine. Ndinkadziwa amene wachokera kuntchito osagona, amene wamva za maliro kumudzi, amene wabwera koyamba ndipo akuopa kukwera masitepe. Mkazi wanga atamwalira, khomo limenelo ndi limene linkandidzutsa Lamulungu. Koma kuima ola lathunthu pamsewu wa London m'nyengo yachisanu kumafuna chovala, ndipo chovalacho chinali chitandikana.

Mwana wanga wamkazi amakhala ku Romford, ndipo ndi namwino. Anabwera Loweruka lina ndi chikwama chachikulu.

"Ababa, musayambe kukana musanaone."

Anatulutsa chinsalu cholemera chabuluu woderako.

"Bulangete ndili nalo," ndinatero.

"Si bulangete. Just try it, please. Imani bwino."

Anachipeza kwa mayi wina wogwira naye ntchito, amene amasokera anthu a kuno okonda kuvala za makedzana. Alipo anthu oterowo. Azibambo a ndevu zawo, Lolemba ali mu ofesi, Loweruka ali kudambo atavala ngati makolo awo a nthawi ya akavalo ndi malupanga, akumenyana ndi ndodo. Ndinamuuza mwanayo kuti ine sindili m'gulu la masewera. Anangochiponya pa mapewa anga n'kundisonyeza kambedza kamkuwa ka pakhosi.

"Kolani nokha."

Ndinakola ndi dzanja limodzi. Anachivula, n'kuchiika pampando, n'kunena kuti ndiyambe ndekha. Ndinachigwira pakhosi, n'kuchizunguliza kumsana, chinagwa pamalo pake, ndinakola. Ketulo imene anaika pamoto inali isanawire.

Anthu a masewerawo sindinasinthe nawo maganizo, koma makolo awo anali ndi nzeru kuposa adzukulu amene anabweretsa zipi. Chofundacho n'chaubweya wa nkhosa, chodulidwa ngati theka la lichero, chofika pansi pa mawondo, chokhala ndi chipewa chosokerera kukhosi. Manja chilibe. Mvula imatsetsereka pamwamba, ndipo ngakhale chitanyowa chimafundabe. Chikwama changa cha mapepala chimalowa pansi pake osadontheredwa. Pa siteji ya basi, pa mabenchi ozizira aja amene anawapendeketsa dala kuti munthu asakhale bwino, ndimakhalira mbali yake ina. M'basi ndimachikokera pa mawondo. Dzanja lodwala limagona m'kati mwakachetechete, palibe woliyang'anitsitsa.

Zoipa zake ndizinenanso, chifukwa sindikugulitsa malonda. Mphepo ya pa siteshoni ya sitima imachitsegula ngati chitseko. Chikanyowa chimanunkha khola. Pa masitepe umayenera kuchinyamula kutsogolo, ndipo chitseko cha basi chinachigwirapo kamodzi. Chinanso chondinyansa ndi achinyamata. Mtsikana wina wa tsitsi lobiriwira anandiimitsa pafupi ndi siteshoni ya Peckham, akuti "Uncle, I love it," akufuna kudziwa kumene ndinagula, foni ili kale m'mwamba. Ndinamuuza kuti aitsitse. Ndaonapo ena atavala zofanana nacho, zopyapyala, zoti mvula ingabooleze, dzuwa likuwala. Iwo amavalira chithunzi.

Chimene sindinaganizire ndi ichi. Mumpingo mwathu mkanjo munthu sadziveka yekha. Abusa amakuitana kutsogolo, amakusanjika manja, amakuveka mpingo wonse ukuona. Woyera ndi wa amayi a chigwirizano, wofiira ndi wa alaliki, wabuluu ndi wa abusa okha. Mikanjoyo imabwera m'zikwama, imavalidwa m'kachipinda ka pamwamba, ndipo siituluka pamsewu ili pathupi. Zonsezi ndinkazidziwa kuposa aliyense. Koma ndikamayang'ana chofunda changa ndinkaona jekete imene yandimvera, osati mtundu wake.

Lamulungu loyamba ndinatsegula khomo ndi kuima pamalo panga, thupi likufunda koyamba chichokereni m'chipatala. Anthu ankandipatsa moni mwachilendo, ena akuwerama kupitirira muyeso. Kenako kunafika mayi wina wachikulire wa ku Chipata, woyenda ndi ndodo. Anaima, n'kundiyang'ana kuyambira kukhosi mpaka kumawondo, n'kuyamba kugwada pakonkire wonyowa.

"Mwadzozedwa liti, atate? Ife sitinamve. Mundipempherereko bondo ili."

"Mayi, dzukani. Ndi chofunda ichi."

"Chofunda?"

"Cha mphepo."

Anadzuka movutika, nkhope itasintha, ngati ndamubera kanthu. Kumbuyo kwake kunali amayi a mcheyamani, ndiye kuti akazi a mcheyamani wa komiti ya mpingo, amenenso ndi mtsogoleri wa chigwirizano, ndipo anaona zonse. Anangoti "Mwadzuka bwanji, ababa" n'kukwera.

Mcheyamani wa komiti yathu ndi bambo wa ku Lusaka, woyendetsa basi, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Anatsika yekha mapemphero asanayambe.

"Ba mdala, manje ichi ni chani? Mwazipatsa promotion?"

"Ndi jekete yopanda manja."

"Awe, jekete siinkhala so. Iyi ni gown."

"Mukandipatsa dzanja lanu lamanzere ndivala jekete."

Anaseka, koma Lachiwiri panafika uthenga pafoni woti ndikaonekere ku komiti. Munthu wa msinkhu wanga kuitanidwa ndi uthenga wa pafoni, wopanda ngakhale moni. Ndinapita kulaibulale kukausindikiza papepala, ndipo uli m'fayilo.

Tinakumana Lamulungu lotsatira titaweruka, anthu anayi: abusa, mcheyamani, amayi a mcheyamani, ndi ine. Ndinayala mapepala patebulo. Loyamba linali kalata ya dokotala yonena za dzanja. Lachiwiri linali kapepala kamene wosoka anaika m'chikwama, kofotokoza kachapidwe, kopanda mawu alionse a Mulungu. Lachitatu linali malamulo a mpingo, amene ndinatayipa ndekha kalekale ndili mlembi, mcheyamaniyo asanaone ndege. Ndinawerenga mokweza gawo la zovala, pamene palembedwa kuti mkanjo ndi chovala cha manja aatali, chofika mu akakolo.

"Ndisonyezeni manja pa chovala ichi," ndinatero. "Ndisonyezeni pamene chafika mu akakolo."

Amayi a mcheyamani sanayang'ane n'komwe.

"Pepala sitikulikana, ababa. Koma anthu akamatsika basi saona pepala, amaona buluu. Gogo uja wagona ndi bondo lotupa chifukwa chogwadira bulangete."

"Ndiye ndikapeza chakhofi?"

"Chakhofi, chobiriwira, chimodzimodzi. Chimalendewera ngati mkanjo. Mawa anyamata a kwaya abwera ndi zawo, tidzawauza chiyani?"

Abusa athu ndi munthu wofatsa, wosafuna kukhumudwitsa aliyense, ndipo anthu otero ndi amene amapweteka kwambiri. Anati ali ndi njira ziwiri. Yoyamba, andiitane kutsogolo, apempherere chofundacho, andiveke pamaso pa mpingo monga mkulu wa pakhomo, nkhani ithe mwaulemu.

"Mukachipempherera chikhala mkanjo?" ndinafunsa.

"Chikhala chopatulika, ababa."

"Ndiye ndizibwera nacho m'chikwama, monga malamulo anenera. M'basi ndizivala chiyani? Pamsewu pomwe pali khomopo ndizivala chiyani? Ine ndimagulira nsomba chovala chimenechi, abusa. Ndimakhalira pa benchi."

Kenako abusa ananena njira yachiwiri. Ndizibwera nacho kuchokera kunyumba, ndikatsegula khomo ndizichivula m'kanjira ka masitepe, ndipo mcheyamani azindiveka jekete imene izikhala pa msomali pomwepo. Woimira mpingo pakhomo asaoneke nacho. Ndinapempha kuti zimenezi zilembedwe. Mcheyamani anati, "Ba mdala na ma paper," koma abusa analemba pa envulopu yakale n'kusaina.

Ndinavomera chifukwa cha khomo. Sindinafune kuti wina adzanene kuti sindinayese.

Lamulungu linzakelo kunali chisanu choti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa. Ndinafika pa nthawi yanga, ndinatsegula, ndinavula chofunda n'kuchipinda pa sitepe yachitatu. Mcheyamani kunalibe. Ndinaima pakhomo ndi shati ndi juzi, chifukwa pangano linali pangano. Anthu oyamba anafika. Dzanja lodwala limamva kuzizira kuposa linzake, limauma n'kupindika, ndipo aliyense wolowa ankaliyang'ana kaye asanandiyang'ane kumaso. Ena ankati, "Ababa, mulowe m'kati, mudwala." Ndinkawauza kuti akwere.

Mcheyamani anafika kwaya itayamba kale kuimba, akupepesa za malo oimika galimoto. Anatenga jekete pamsomali n'kuyamba ntchito pomwepo, anthu akudutsa mopanikizana m'kanjirako. Ndinamuuza kuti ayambe ndi dzanja lamanzere. Anayamba ndi lamanja. Atafika ku lamanzere analikweza m'mwamba ngati akuimitsa takisi, ndipo ululu unandilasa kuchokera paphewa mpaka m'khutu.

"Relax chabe, ba mdala. Musalimbe."

Sindinalire. Ndinaluma mano. Anakoka zipi mpaka pachibwano, n'kundisisita pachifuwa kawiri monga amachitira ndi mwana wopita kusukulu. Amayi awiri a chigwirizano anali ataima pa masitepe kudikira kuti tithe, zikwama za mikanjo yawo yoyera zili m'manja. Mmodzi anati, "Lero ndiye mwatchena, ababa," ndipo mnzake anayang'ana kukhoma.

Ndinaima mpaka womaliza atalowa. Ndinatseka, ndinakwera, ndinakhala kumbuyo, ndipo ulaliki sindinaumve.

Lolemba ndinalemba kalata. Dzanja lamanja likadali langa ndipo ndimalemba zooneka. Ndinafotokoza nthawi imene ndinafika, nthawi imene mcheyamani anafika, ndi dzanja limene anayamba nalo. Ndinati sindidzavekedwanso ndi munthu pa masitepe, ndipo popeza komiti yaletsa chovala chokhacho chimene ndingadziveke ndekha, kiyi ndikubweza. Ndinasunga kope. Kiyiyo ndinamuika mu envulopu pamodzi ndi kalatayo, ndipo Lachitatu ndinakwera basi kukaipereka m'manja mwa abusa.

"Ababa, musapse mtima. Tikhalenso pansi."

"Mulola chofunda pakhomo?"

"Nkhaniyo ndi ya komiti."

"Ndiye landirani."

Mwana wanga atamva anati pafoni, "Ababa, leave that church, alipo ambiri." Ana a kuno amaganiza kuti mpingo ndi shopu. Ndinamuuza kuti mipando ya m'holomo ndinanyamula ine pamutu pokweza masitepe, ndipo mayi ake anaimbiridwa nyimbo za maliro momwemo.

Lamulungu lotsatira ndinadzuka pa nthawi yakale, n'kukumbukira kuti palibe chofulumirira. Ndinamwa tiyi wachiwiri. Nditafika ndinapeza khomo lotseka, pali kapepala koti woimba belu adikire. Ndinaimba. Anatsika mlamu wake wa mcheyamani, bambo wa jekete yofufuma ngati matiresi, foni kukhutu. Anatsegula, n'kunena "Welcome, welcome" osandiyang'ana, n'kutsekanso msanga kuopa mphepo. Panja panali mayi wina wachilendo ndi ana awiri, akuwerenga chikwangwani chathu mokayika. Sanamuone. Ndinamugwira bamboyo pamkono n'kumulozera, ndiye anatsegulanso.

Pa envulopu ya abusa panalembedwa za pakhomo. Za m'kati sipanalembedwe chilichonse. Ndinakwera masitepe nditanyamula chofunda kutsogolo, ndinadutsa mipando ya kumbuyo, ndinakakhala mzere wachiwiri, pamaso penipeni pa amayi a mcheyamani. Holoyo ili ndi mahita awiri ndipo tsiku limenelo anayatsa onse. Pofika pakati pa ulaliki thukuta linali likutsikira kumsana mpaka m'lamba, ubweya ukundiyabwa pakhosi, fungo la nkhosa likufika mizere itatu. Mayi wa pambali panga anandinong'oneza kuti ndivule ndipumeko. Ndinamuuza kuti ndili bwino, ndipo ndinakhala nacho mpaka pemphero lotsekera.