Khonde la Mapazi Asanu ndi Awiri

Makolo anga anakhala m'banja zaka zoposa makumi atatu asanagonepo kwina popanda chifukwa cha maliro, ukwati kapena matenda. Ndikudziwa chifukwa ndinawafunsa. Utolankhani unandizoloweza kufunsa, ndipo mayi anawerenga maulendo onsewo pa zala.

Chaka chimene bambo ankapuma ntchito ku esiteti ya tiyi, kumene anali kapitawo wa othyola masamba, ndinawapezera malo pa loji ina m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula kuti akagone masiku awiri. Ulendo wake sunakwane ola limodzi, koma bambo anavala jekete ndi tayi. Mayi anamanga m'chitenje mbatata zophika, tochi ndi katsache.

"Tsachelo n'lachiyani, amayi?" ndinafunsa.

"Ukufuna eni ake azikati munagona nkhumba?"

Ndinawasiya Lachisanu masana, n'kukawatenga Lamulungu. Ndinapeza chipinda chosesedwa, bedi loyalidwa, matawulo osakhudzidwa. Makolo anga anali pakhonde atavula nsapato, akuyang'ana madzi akutsetsereka pamiyala. Mayi ankaseka mwachitsikana, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo.

"Bambo akowa asamba mumtsinje," anatero. "Madzi a m'phiri muja akuzizirira! Anakuwa ngati mbuzi yomangidwa pa njinga."

"Bodza limenelo," anayankha bambo. "Ndimayimba nyimbo ya kwaya."

Tili m'galimoto pobwerera, tinadutsa pa Chitakale. Kenako bambo anati: "Zaka zonsezi ndakhala ndikudzutsidwa ndi belu la kampani. Lero wandidzutsa ndi mtsinje. Mtsinje umangolankhula, sutuma munthu."

Nyumba ya kampani anayenera kutulukamo pasanathe miyezi itatu. Kwathu n'kwachikamwini, mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, choncho ankapita kumudzi kwa mayi, kufupi ndi Thuchila. Malo omangapo analipo awiri. Ena anali kumtunda, pafupi ndi msewu. Ena anali kumunsi, pakachitunda ka mitengo ya mango koyang'anizana ndi mtsinje, pamwamba pa dimba la banja lathu. Wogamula anali malume, mchimwene wa mayi, amene ndi mwinimbumba.

Kutatsala sabata kuti tikakumane nawo, bambo anandiitanira kuseri kwa nyumba, pamene mayi ankayanika zovala.

"Mama," anatero, poti ndi mmene ankandiitanira, "ine ndine mkamwini. Mkamwini saloza malo. Ndikangotsegula pakamwa azidzati anabwera ndi jekete lokha, lero akugawa minda. Amayi akonso akanena, adzati ndawatuma ndine. Iwe ndiwe mwana wa m'mudzimo. Ukanene ndiwe: kumtsinje."

"Ndikanena, bambo."

Ndinavomera msanga, ndisanaganize. Koma dzinja la chaka chomwecho ndinali nditayenda m'midzi imene madzi anasefukira. Ndinaona nyumba zitagwa, mabanja akugona m'makalasi, mayi wina akufukula mapoto m'matope. Sabata yonse zithunzizo zinkandibwerera. Pofika Lachitatu ndinali nditatsimikiza kuti kumtsinje n'kosayenera. Foni ndinali nayo, nambala ya bambo ndinkaidziwa pamtima. Sindinaimbe. Ndinaona kuti n'chapafupi kulankhula pagulu kusiyana n'kuwauza bambo anga awiriwiri kuti ayi.

Tinakumana Loweruka m'mawa pakhonde la malume. Panali achemwali awiri a mayi ndi amuna awo. Bambo anakhala pakampando chapambali, chipewa chili pabondo.

"Chemwali, malo ndi awiri," anatero malume kwa mayi. "Mukuti bwanji?"

Mayi anayang'ana ine. Malume anaona.

"Chabwino, atolankhani, inu mwayenda. Tiuzeni."

Ndinalankhula mphindi pafupifupi khumi, mwadongosolo ngati ndikulemba nkhani ya patsamba loyamba. Ndinati mtsinje wa Thuchila ukhoza kudzaza ngakhale pamudzi pasanagwe dontho, chifukwa madzi ake amachokera kuphiri. Ndinati dothi la kumunsi n'lamchenga, maziko sangagwire. Ndinatchula udzudzu. Ndinati nthawi ya mvula galimoto singafikeko munthu atadwala mwadzidzidzi. Zonsezi zinali zoona. Sindinayang'ane kumene kunali bambo.

Malume anawomba m'manja. "Sukulu ndi yabwino, anthuni! Alamu, mwamumva mwana wanu? Kapena mumafuna kukakhala ndi achule?"

Onse anaseka. Ndikukhulupirira kuti malume anali atamva kale za kusamba kwa ku Likhubula, ndipo ankadziwa bwino lomwe chimene alamu awo ankafuna.

"Ndamva, alamu," anatero bambo. "Zili bwino."

Popita kokwerera minibasi tinatsogola awiri, ine ndi bambo. Ndinayamba kufotokozanso za mchenga uja. Anandidula mofatsa.

"Ukanandiuza kuseri kwa nyumba kuja, mama. Ndikanamva."

Nyumba inamangidwa kumtunda. Khonde lake linayang'ana msewu, podutsa akabaza ndi malole a mchenga, ndipo mayi ankalisesa katatu patsiku chifukwa cha fumbi. Masana bambo ankamangirira kampando pa njinga n'kutsikira kumtsinje, kukakhala pansi pa mango mpaka dzuwa litapendeka. Anthu ankati akukalondera dimba. M'dimbamo munalibe chofunika kulondera. Mawondo atayamba kuvuta, anasiya.

Patapita zaka zitatu kunagwa mvula yamkuntho masiku angapo osalekeza. Mtsinje unakokolola dimba lonse ndi theka la kachitunda kaja, mitengo iwiri ya mango n'kupita nayo. Malume ankauza aliyense kuti mdzukulu wawo wa nyuzipepala anapulumutsa banja. Bambo nawonso anandiimbira foni. "Unanena zoona," anatero. Kenako anafunsa za ana anga, n'kudula.

Choncho pa nkhani ya madzi sindinalakwe, ndipo lero nditafunsidwanso ndikhoza kunena zomwezo. Chimene chimandiwawa n'china. Munthu amene mwambo unamutseka pakamwa anandibwereka pakamwa panga, ine n'kuvomera, kenako n'kumutsutsa napo pamaso pa alamu ake. Kuyambira tsiku limenelo bambo sananditumenso mawu kwa wina aliyense. Ankandituma mankhwala, mabatire a wailesi, nsapato. Mawu ayi.

Ndinawalonjeza kuti ndidzawatengeranso ku Likhubula. Kawiri konse ndinasintha tsiku chifukwa cha ntchito. Kachitatu bambo anali atagonekedwa kale m'chipatala, ndipo anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho.

Maliro atatha, ndinakhala ndi mayi pakhonde tikusankha nyemba. Lole inadutsa, tinaphimba lichero.

"Khonde ili ukulidziwa?" anafunsa.

"Ndi khonde, amayi."

"Lamulungu lija usanafike, bambo ako analiyeza la ku loji lija ndi mapazi. Asanu ndi awiri m'litali, atatu m'lifupi. Analemba kuseri kwa envelopu ya kalata yopumira ntchito. Pomanga khonde ili, mmisiri ankati n'lalikulu, likudya simenti, iwo anakana kuchotsako ngakhale phazi limodzi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Iwe unafunsa?"

Ndinadzuka n'kuyamba kuponda kuchokera pakona. Ndinapeza mapazi asanu ndi atatu ndi theka. Ndinabwereza, yankho lomwelo. Mayi anaseka pang'ono, osatukula mutu pa nyemba.

"Mapazi a bambo ako, osati ako."

Chaka chatha ndinawapempha kuti tipite awiri ku Likhubula, ndikawasiye masiku awiri akapume. Anapukusa mutu.

"Ndikakhale pakhonde paja ndekha, ndiziseka ndani?"