Banjo ya Alamu Anga ndi Nsanja ya Simenti

Alamu anga, a Arvil Sizemore, ankayimba banjo atavula nsapato. Sikuti anayamba kale ayi. Pa unyamata wawo ankakwera pansanja atatchena, nsapato zopukuta bwino, chipewa choyera kumutu, katayi kopyapyala m'khosi. Zovula nsapatozi zinabwera imvi zitamera, ndipo ife a kuno kumapiri a Kentucky tinkangoseka.

"Alamu, masokosi obookawo ndiye mukufuna anthu aone?" ndinkawafunsa choncho.

"Nanga mkulu wanu anandisiyira wondisokera?" ankayankha motero, uku akumanga nsambo za banjo.

Mkulu wangayo anali Verna, mkazi wawo, amene anatisiya kale. Ine ndine Dovie, mng'ono wake, ndipo ndinayimba nawo a Arvil kuyambira ndili mtsikana. Ndimayimba bezi, chigitala chachikulu chija choyimirira pansi ndi kamwendo kachitsulo. Gulu lathu linkatchedwa Anyamata a ku Chigayo, poti tinkaphunzirira m'chigayo chakale cha m'mbali mwa mtsinje. Ndinadandaula kuti ine si mnyamata, koma a Hobart Napier, woyimba vayolini amenenso anali mtsogoleri wathu, anati dzina linapita kale pa wailesi, lisasinthe. Wachinayi anali Orbin, wagitala, munthu wosayankhulayankhula.

Mkati mwa sabata a Arvil ankagwira ntchito mumgodi wa malasha, pa makina obowola thanthwe lakudenga. Ankatuluka ali bii, maso okha akuoneka. Koma Loweruka m'mamawa, tambala asanatsike, tinkapanikizana m'galimoto ya a Hobart, bezi yanga itamangidwa padenga, ulendo wa ku kanyumba ka wailesi ka m'tauni. Kumeneko kunali maiki imodzi yokha. Aliyense ankayenera kudziwa nthawi yake: wavayolini alowe, amalize, abwerere m'mbuyo, wabanjo adutse kunsi kwa mkono wake osamugunda. Poyimba mawu amuna atatuwo ankasonkhanitsa mitu pamaiki, mpaka umadziwa amene wadya anyezi. Ine malo anga anali kumbuyo, kusunga kugunda kwa nyimbo kuti wina asathamange.

Koma abale, banjo ya a Arvil! Ankavala zikhadabo zachitsulo zokodolera nsambo pa zala zitatu, ndipo akalowa pamaiki zinkamveka ngati matalala pa malata. Anthu ankakama ng'ombe wailesi ili pa msomali m'khola. Azimayi ankasiya chigumu chikupserera. Tikamadutsa m'tauni, madala okhala pakhonde la sitolo ankakuwa kuti, "Arvil, zala zimenezo uzisamale kumgodiko!" Zala anazisamaladi. Za makutu palibe anaziganizira.

Masiku amenewo ndimawasowa, ndisaname. Mayimbidwe athuwa timawatcha bulugirasi, ndipo wa ana a masiku ano ndi wabwino ndithu, amathamanga kuposa ife, koma aliyense ali ndi maiki yake ndipo amangoyima ngati mitengo ya magetsi.

Chinsinsi cha alamu anga ndinachitulukira mwangozi. Verna atamwalira tinkaphunzirira nyimbo pakhonde lawo lamatabwa. Tsiku lina masana ndinagwetsa chiwaya kumbuyo kwawo, pamwala wa pamasitepe. Chinalira moti galu anathawira kunsi kwa nyumba. A Arvil sanacheuke n'komwe. Ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Ndinaona kuti ukamawayankhula amayang'ana pakamwa pako, osati m'maso. Ndinaonanso kuti tikayamba kuyimba, phazi lawo lopanda nsapatolo limafufuza thabwa lomwe ndayimikapo mwendo wa bezi. Ndinasunthira dala pa thabwa lina. Phazi linanditsatira. Makina a mumgodi anali atawagonthetsa, ndipo nyimbo ankaimvera kuphazi.

Sindinawafunse. Kwathu kuno mwamuna wa kumgodi sumamuuza kuti wafooka. Atha kutsokomola mpaka kugwada, iwe umangoti kunja kwazizira. Ndiye ndinkangoonetsetsa kuti kulikonse tikayimba ndiyime pa thabwa limodzi ndi iwo.

Koma si kulikonse kuli matabwa. Tinakayimba pa ukwati wina m'holo yoyala kapeti, ndipo a Arvil analowa nthawi isanakwane, nyimbo n'kusokonekera. Pobwerera a Hobart anandikokera pambali.

"Dovie, mdala uja watha. Mutu wayamba kumusokonekera."

"Mutu wa ndani? Wanuwo ndiye uli bwino?"

"Usandikalipire. Ndakula naye ameneyu, sindifuna anthu adzamuseke. Akangosokonezanso pagulu, ndimukhazika pansi."

Ndinadziwa kuti sakunena zocheza. Ndinadziwanso kuti a Arvil ukawalanda banjo, wangowakumbira manda. Ana awo anali kutali, mkazi kulibe, mgodi unatsekedwa. Chowadzutsa m'mawa chinali chimenechi basi.

Chaka chilichonse nyengo yotentha, anthu athu amene anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Ohio ndi ku Michigan amabwerera kumudzi. Timasonkhana pabwalo la kuseri kwa tchalitchi, matebulo atadzaza nkhuku yokazinga, nyemba ndi chigumu. Kuyambira kalekale ife tinkayimbira pa ngolo yonyamulira udzu, yamatabwa okhaokha, yogwedera ukaponda mwamphamvu. Ngolo imeneyo sinkandidetsa nkhawa ngakhale pang'ono.

Chaka chimenecho titafika, ngolo kunalibe. Pamalo pake panali chinthu chachikulu chofunditsidwa lona. Mkulu wa komiti anaitana a Arvil kutsogolo, anyamata n'kukoka lonayo. Inali nsanja yatsopano, ya simenti, yofolera ndi malata, ndipo pakhoma pake analembapo dzina la a Arvil Sizemore. Amuna a m'chigwa chathu anakanya simentiyo ndi manja awo, mobisa, kuti alemekeze munthu wawo akadali moyo. Anthu anaomba m'manja, ena akupukuta misozi.

Ine ndinangoti chamumtima, mayo ine, mwamupha munthu.

A Arvil anavula chipewa, n'kuthokoza bwinobwino. Anakwera masitepe, anakhala pampando, anavula nsapato monga mwa masiku onse, n'kuimirira. Ndinayimika bezi pafupi, ndinakoka nsambo imodzi mwamphamvu. Ndinaona phazi lawo likufufuza, uku ndi uku. Simenti inali zii. Anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako anakoleka banjo paphewa.

Nyimbo yoyamba anaiyamba okha, ndiye poyambirira zinayenda. Vuto linabwera a Hobart atalowa ndi vayolini. A Arvil anabwerera m'mbuyo, akuwerengera mumtima, ndipo pofika nthawi yawo anali atatisiya kutali. Banjo inkapita kwake, ife kwathu. Orbin anayesa kuwathamangira, ine ndinayesa kuwakokera m'mbuyo, zinangoipiraipira. Anthu anayamba kuyang'ana m'mbale zawo. Mwana wina anaseka, mayi ake n'kumutsina. A Hobart anakweza phazi m'mwamba, chizindikiro chathu chothetsera nyimbo, koma a Arvil maso anali pa nsambo. Anapitiriza okha kwa kanthawi, mpaka atakweza mutu n'kuona kuti tonse tasiya.

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikugwa chotero.

A Hobart anawayandikira, n'kuwagwira paphewa. "Mdala, takapumani kaye pamthunzipo. Dzuwali lakula."

A Arvil anayang'ana pakamwa pa a Hobart, ndipo anamva. Dzanja lawo linapita pa lamba wa banjo kuti auvule.

Apa ndiye ine magazi anandiwira. Woyimba bezi sachoka kumbuyo, limenelo ndi lamulo, koma tsiku limenelo ndinakoka chigitala changa mpaka kutsogolo, mwendo wake ukukwekwereza pa simenti yawo yatsopanoyo. Ndinayima kumbuyo kwa a Arvil, n'kutsamiritsa nthiti ya bezi pamsana pawo.

Anacheuka. "Alamu, mukutani?"

"Yang'anani kutsogolo, inu! Ndakufunsani kanthu?"

"Dovie, usachite zamisala pagulu," anatero a Hobart.

"Zamisala mwachita ndinu. Munthuyu mutu wake uli bwinobwino. Tayambani nyimbo muone."

Ndinakoka nsambo yaikulu. Ndinaona msana wa a Arvil ukuwongoka. Ndinakokanso, du, du, du, du, ndipo mutu wawo unayamba kugwedezeka limodzi nane. A Hobart anayang'ana bezi, anayang'ana msanawo, kenako mapazi a masokosi aja. Pakamwa panawatseguka. Anangonyamula maiki ndi mtengo wake womwe n'kudzaiyimika patsogolo pa banjo, poti a Arvil sakanathanso kuyenda kuilondola.

Tinayamba nyimbo yothamanga, ija ankaikonda Verna. Ha! Zala za mdala zinamasuka. Anadikira nthawi yawo osaphonya, ndipo atalowa, denga latsopanolo linachita kunjenjemera. Sanathamange, sanatsalire. Ine ndinkakoka nsambo mpaka matuza, thukuta likulowa m'maso, ndikuopa kuti ndikangosuntha pang'ono bezi ichoka pamsana. Orbin, amene sindinamumvepo akukuwa, anakuwa. Madala anasiya mbale n'kuyamba kuvina paudzu, maondo akulira. Pothetsa nyimbo sindinakweze phazi, ndinangowakankha pang'ono ndi bezi, ndipo tinathera pamodzi.

Anthu anaimirira. Koma sanali opusa. Ambiri mwa madala amenewo analowapo mumgodi, ndipo anamvetsa zimene anaona. Mkulu wa komiti anabwera akupotokola chipewa m'manja, nayamba kupepesa mokuwa, akutsegula pakamwa kwambiri ngati akuyankhula ndi khanda. Winanso anabwera, nayenso mokuwa. Chinsinsi chinathera pomwepo, ndipo amene anachiulula ndinali ine.

A Arvil anavala nsapato, anaika banjo m'bokosi lake, ndipo sanadye. Anandikodola kuti tizipita. Tinakweza bezi kumbuyo kwa kalole kawo, n'kuuyamba msewu wafumbi wotsika kuchigwa, dzuwa likadali pamwamba.

Tinayenda mtunda wautali. Kenako anati, "Ndiye chigwa chonse chadziwa."

Ndikanayankha bwanji, maso awo ali pamsewu?

"Mwandichititsa manyazi, alamu. Mwanditsamiritsa ngati mpanda wakugwa. Komanso mumathamanga. Kuyambira kale mumathamanga."

Ndinafuna kuwagenda ndi chikwama. Ine kuthamanga? Koma iwo anapitiriza ndi funso.

"Hobart andichotsa?"

Ndinapukusa mutu mwamphamvu, ndipo ndikhulupirira kuti anaona ndi ngodya ya diso, chifukwa mapewa awo anatsika. A Hobart sanawachotsedi. Tinayimba nawo a Arvil mpaka chaka chimene anadwala, bezi ili pamsana, ndipo mapewa anga akundiwawabe mpaka lero.

Titawoloka kamlatho ka pafupi ndi chigayo chakale, anayankhulanso, mawu ali pansipansi.

"Dovie."

Chikwatireni Verna, a Arvil anali asananditchulepo dzina.

"Banjo imeneyi ndinasiya kuimva mkulu wanu akadali moyo. Zala zimangopita zokha. Anthu amaomba m'manja, koma anthu amaombera ngakhale nkhalamba yowamvetsa chisoni. Inu simunama. Tandiuzani, kodi imalirabe ngati kale?"

Ndinawayankha. Koma sanatembenuke. Anafunsa dala maso ali kutsogolo, manja atagwira chiwongolero zolimba, chifukwa yankho ankaliopa. Ndinayankhanso mokuwa, sizinathandize. Ndiye ndinatambasula dzanja n'kuzimitsa galimoto. Kalole kanadzuma, kanayenda pang'ono, n'kuima pakati pa msewu.

"Mwapenga, alamu?"

Ndinawagwira chibwano ndi manja onse awiri, matuza ali phuliphuli, n'kutembenuza nkhope yawo kuti ione pakamwa panga. Ndinanena pang'onopang'ono.

"Imalira kuposa kale."

Anayang'ana milomo yanga nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'zala zanga.

"Tanenaninso," anatero.