Ndinasinthanitsa Akaunti ya Magemu Ngati Foni Yapamsika

Ndataya mnzanga wapamtima chifukwa cha luso lomwe ndinkadzitama nalo, luso lonenerera. Inu owerenga, makamaka okonda magemu a pakompyuta, mvetserani. Mukafuna kundiseka sekani, ine ndinayamba kale.

Ndimachita geni pa boma la Karonga. Zitenje, masilipasi ndi mafoni ndimakapikula kutsidya kwa Songwe. Wogulitsa akakana kutsitsa mtengo ndimanyamuka pang'onopang'ono, khutu lili m'mbuyo, ndipo asanandiitane sindikhota pakona. Anzanga amati ngakhale bokosi langa lamaliro ndidzadzuka n'kunenerera.

Mnzangayo ndi Lusekelo, tinakulira limodzi ku Iponga. Ankagwira ntchito yazamagetsi ku mgodi wa Kayelekera, ndipo mgodiwo utaima analowera ku Joni. Mapepala ake sali bwino, akangotuluka sangabwererenso, ndiye kumudzi anasiya kubwera. Chaka china ananditumizira laputopu, n'kunditsegulira akaunti pa sitolo ina ya magemu ya pa intaneti, pogwiritsa ntchito imelo yake ndi khadi lake lakubanki.

Anandifotokozera kuti za madisiki zinatha. Ukagula gemu imakhala mu akaunti yako, umangoidawuniloda. Laputopu itabedwa, magemu sabedwa nawo. Ikapanda kukusangalatsa, ukanena msanga amakubwezera ndalama. Nthawi zina amatsitsa okha mitengo osapemphedwa. Iye ankayamikira, koma ine zinkandikayikitsa. Sitolo yanji yopanda munthu wokangana naye? Kwathu kuno wogulitsa akatsitsa yekha mtengo, umayamba wanunkhiza katunduyo.

Magemu anandigulira ochepa, koma yomwe tinkasewera inali imodzi, yolima ndi kumanga, anthu awiri pamalo amodzi. Lamulungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi ndinkagula bandulo, iye n'kulowa ali ku Joni. M'gemumo Lusekelo anamanga khomo la malemu bambo ake monga linalili: nthochi kuzungulira nyumba, khola la ng'ombe kuseri, munda wa mpunga kumunsi. Tinkalima uku tikucheza. Ankati sabata yonse Chinkhonde chimamuwawa kukhosi posowa wolankhula naye. Ine ndimakhala ndekha, akazi anga anabwerera kwawo kalekale, choncho masana a Lamulungu ndiwo anali chakudya changa.

Ndiye panabwera mkulu wina wokonza mafoni pafupi ndi depoti, amene aliyense amamutchula Shemeji, ndiye kuti mlamu, chifukwa nayenso amatchula aliyense choncho. Anandionetsa akaunti yodzaza magemu, a mpira, a magalimoto, ankhondo, osatha kuwawerenga. Anati tisinthane. Mukudziwa mmene timachitira ndi mafoni: wa yaing'ono amapereka yake n'kuwonjezerapo kenakake. Iye anafuna akaunti yanga ndi matumba awiri a mpunga wa kilombero. Magazi anga anawira ndi chimwemwe. Potsiriza ndinali nditapeza munthu wonenerera naye magemu. Tinalimbana masana onse, ndinanyamuka, anandiitana, ndinanyamukanso. Tinathera pa thumba limodzi, iye n'kuikapo chogwirira posewera ngati banyira. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndagula boma.

Apa ndi pomwe ndimachita manyazi. Shemeji atayesa kulowa mu akaunti yanga, sitolo inakana, inatumiza nambala yotsimikizira ku imelo ya Lusekelo. Anthu a sitoloyo ankanditeteza. Ine ndinamuimbira Lusekelo n'kumunamiza kuti laputopu ndakonzetsa, anditumizire nambalayo. Anatumiza osafunsa kanthu. Mumtima ndinkati ndidzamuuza zikakhala bwino, aone kuti mnzake ndi katswiri. Ndinkaganiza kuti gemu yathu ndikaipeza m'chigulu chija n'kulowanso m'mudzi mwathu. Sinalimo. Ndipo sindinkadziwa kuti khomo lija limatsegukira dzina la akaunti, osati nkhope yanga.

Lamulungu loyamba ndinanamizira netiweki. Lisanafike lachiwiri, akaunti yaikulu ija inatsekeka. Kunapezeka kuti inali yobedwa, mwini wake anadandaula kusitolo ndipo anamubwezera, monga ayenera kuchitira. Ndinathamangira kwa Shemeji. Osakweza n'komwe mutu pa foni yomwe ankakonza, anati katundu akatuluka sabwerera, mawu omwe inenso ndimauza makasitomala anga. Akaunti yanga anali ataigulitsa kale kwa anthu a malo osewerera magemu kutsidya.

Lamulungu limenelo Lusekelo analowa m'gemu n'kuona dzina langa lilimo. Anapereka moni, osayankhidwa. Kenako anaona munthu wovala dzina langa akudula nthochi, akugulitsa ng'ombe, akugwetsa zipupa. Kwa wosewerayo zinali zongotayitsa nthawi. Foni yanga inalira.

“Nkamu, ndiwe ukugwetsa nyumba ya atata?”

Nkamu ndiye kuti m'bale, ndipo ndi mmene tinkaitanirana kuyambira tili ana. Ndinamuuza zonse, za mpunga, za nambala ija. Nditamaliza anafunsa mofatsa.

“Banyira anakupatsa?”

Ndinavomera. Anati zikomo, n'kudula.

Analembera sitolo ija, ndipo popeza imelo ndi khadi zinali zake, akaunti anamubwezera mosavuta, n'kumupepesanso. Anthu omwe ndinkawayesa akuba anachita zaulemu kuposa ine. Koma zomwe zinagwetsedwa m'gemumo sakanatha kuzidzutsa. Lusekelo anasintha pasiwedi, ndipo sanandipatsenso.

Ndinayesa kupepesa m'njira yomwe ndimadziwa. Ndinati ndimutumizire mpunga, anakana. Ndinati ndiwonjezerepo usipa ndi chitenje cha akazi ake. Ndili pakati polemba uthengawo ndinazindikira kuti ndikunenerera chikhululuko, ndipo ndinaseka ndekha m'nyumba mpaka misozi. Masiku ano ndikamupatsa moni amayankha, koma mawu amodzi, ndiponso m'Chichewa, ngati akuyankha munthu wa mu ofesi.

Inu owerenga, akaunti si foni. Foni ukasinthanitsa umachotsa simu, zako n'kupita nazo. Mu akaunti mumakhala dzina lako ndi anthu amene amakukhulupirira, ndipo wolandirayo amalowa kwa iwo atavala iweyo. Musagule akaunti kwa munthu, ngakhale atsitse bwanji. Gulani m'sitolo yeniyeni, pa dzina lanu, dikirani nthawi yomwe amatsitsa. Sitolo ikatumiza nambala yotsimikizira, dziwani kuti ikufunsa ngati muli bwinobwino m'mutu. Ndipo ngati kuti malonda atheke pakufunika kunamiza munthu amene anakupatsani chinthucho, asiyeni malondawo, nyamukani ndithu osatchera khutu m'mbuyo.

Mwezi watha ndinakumana ndi mayi ake a Lusekelo kuchipatala, atabwera kudzatenga mankhwala. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti iwo foni imawavuta kumva, koma mtima wawo umakhala pansi podziwa kuti mwana wawo amacheza ndi ine sabata iliyonse. Anafunsa ngati wanenepa, ngati akutchulako zobwera. Ndinawauza kuti ali bwino. Ndinawaperekeza kudepoti, ndinawalipirira minibasi ya ku Iponga, ndipo ndinaima chapatali mpaka inanyamuka, ndikuopa kuti andifunsanso.