Makhadi Amene Ndinatentha

Ndinayamba ntchito pa laibulale ina ku Chipata ndili mayi wa ana awiri. Yanga inali kudinda tsiku lobwezera buku ndi kusunga makhadi a obwereka m'kabati ya kumbuyo kwa tebulo langa. Mkulu wa laibulaleyo tinkangowatchula kuti abwana. Anayamba ngati wosesa m'masiku a atsamunda, naphunzira kusanja mabuku pongoonerera, mpaka anawatumiza kukosi ku Lusaka. Sindinawamvepo akukweza mawu.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wacheuka asanatchule za boma. Tsiku lina m'mawa kunalowa amuna awiri ovala majekete, kunja kukutentha kwadzaoneni. Moni sanapereke. Wamfupi anaika kapepala patebulo langa, pali mitu ya mabuku anayi a zandale.

"Tikufuna maina a onse amene anabwerekapo mabuku awa."

Limodzi mwa mabukuwo amuna anga, mphunzitsi ku Kasenengwa, analibwereka kawiri, ndipo dzina lawo pakhadi ndinalemba ndine.

Abwana anatuluka muofesi akupukuta magalasi. Anawerenga kapepalako modekha.

"Pepani mabwana, makhadi akale anatha ndi chiswe chaka chatha."

Linali bodza. Kabatiyo inali yodzaza. Wamtali anadzaitsamira, nkumaigogoda ndi zala uku akundiyang'ana. Ndinaweramira sitampa yanga.

"Mukafotokozera kutsogolo zimenezo, mdala. Tiyeni," anatero wamfupi uja.

Pakhomo abwana anacheuka. "Amayi, zinyalala zija musazisiye, mutenthe lero."

Galimoto yawo itangochoka ndinakhuthulira makhadi onse m'chitenje, ndi kupita nawo kudzala la kuseri. Machesi atatu anathyoka ndisanayatse. Mayi wogulitsa nsawa kumpanda anandifunsa chomwe ndikuotcha masanasana, ine ndinangoti mapepala achabe. Ndinaima pomwepo ndikutakasa ndi kamtengo mpaka onse anasanduka phulusa.

Abwana anakhala m'manja mwa anthu aja masiku anayi. Galimoto iliyonse yoima pamsewu inkandichititsa kusuzumira pawindo. Ndinkatsegula laibulale, kudinda mabuku, kumwetulira ana asukulu, koma m'mutu muli funso limodzi: akawapanikiza, satchula maina? Amuna anga sindinawauze kanthu, poopa kuti angathawire ku Malawi nkutisiya.

Lolemba abwana anabwera akuyenda mokoka mwendo, magalasi atamangidwa ndi ulusi. Anandipatsa moni ngati masiku onse, nafunsa ngati nyuzipepala zafika. Za kumene anali sananenepo, ine sindinafunse.

Chaka chisanathe anawapumitsa ntchito, nabwerera kwawo kufupi ndi Tamanda kukalima. Ndinapitako kamodzi, nditakonzeka kuwathokoza. Ndisanayambe, anandidula pondifunsa ngati denga la kumashelefu a mabuku a ana likudonthabe. Ndinati likudontha. Anapukusa mutu, naitana akazi awo kuti andikumbire mbatata.

Amuna anga ndinawaululira za makhadi aja tikuchokera kumaliro a abwanawo, m'minibasi, monong'ona.